Msonkho Wopanda Lisiti pa Njira ya ku Nyanja

Msewu wa T6 umapatuka pa Great East Road pa Katete n'kuloza kum'mwera. Umayenda makilomita pafupifupi 55, kudutsa m'dziko la Mfumu Mlolo m'boma la Chadiza, n'kukathera pa chipata cha Chanida. Tsidya linalo ndi Cassacatiza, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Kuchokera pamenepo msewu umapitirira mpaka ku mtsinje wa Zambezi, kenako ku Chimoio, mpaka kukagunda madzi amchere ku Beira.

Usana ndi usiku mathiraki amadutsa pa Mlolo. Otsika amanyamula mkuwa, okwera amabwera ndi feteleza ndi mafuta. Mwana aliyense wa m'mbali mwa msewuwu amadziwa kuti katunduyo akupita ku doko kapena akuchokera ku doko. Koma anthu a m'midzi yomweyi amene anaionapo nyanjayo ndi maso awo ndi owerengeka.

Chifukwa choyamba ndi umphawi, zimenezo n'zosachita kufunsa. Chifukwa chachiwiri chimavala yunifolomu. Ndi bwana uja woima pa rodibuloko, amene anapatsidwa chisoti kuti azilondera msewu koma iye anausandutsa munda wake wokolola chaka chonse. Alipo mbali ya Zambia, aliponso mbali ya Mozambique. Chilankhulo chimasintha, mtundu wa malaya umasintha, koma dzanja ndi lomwelo.

Amene amalimva kuwawa kwambiri dzanja limeneli ndi mlendo wa chikwama chakumsana, woyenda ndi ndalama zowerengera. Mayendedwe otere anatchuka ndi achinyamata a ku Ulaya, America ndi Australia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Mu 1973 Tony ndi Maureen Wheeler anatulutsa kabuku kolondolera oyenda motchipa ku Asia, komwe kanali chiyambi cha kampani ya Lonely Planet, ndipo mu 1977 linatuluka buku lofanana nako la Africa. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, gombe la dzikolo linalowa pa mndandanda wawo. Ambiri amatsika kuchokera ku Zanzibar, kucheza pa Nyanja ya Malawi, kudutsa ku Tete, kukatulukira ku Vilankulo ndi Tofo, n'kumalizira ku Maputo ndi South Africa.

Koma chikwama chakumsana sichisankha khungu. Mphunzitsi wa ku Chadiza amene wakhala akusunga kangachepe mwezi ndi mwezi kuti sukulu zikatsekera mu Disembala akaone nyanja, nayenso ndi wa gulu lomweli. Chimodzimodzi namwino wa pa tchuthi, ophunzira a ku koleji amene asonkherana, kapena mnyamata amene wagulitsa soya wake n'kunena kuti chaka chino akaone kumene mathiraki aja amathera.

Munthu wotere sakwera ndege. Alibe galimoto ya kampani yokopa alendo yokhala ndi dalaivala wodziwa kunong'onezana ndi akuluakulu. Amakwera chimene chapezeka: minibasi, chapa (minibasi ya ku Mozambique), basi ya mbandakucha, nthawi zina kutsogolo kwa thiraki. Amagona m'nyumba ya alendo yotchipa, m'chipinda cha mabedi osanjikiza, kapena m'tenti. Amadya pamsika. Ndalama yake iliyonse ili ndi ntchito kale isanatuluke m'thumba: iyi ya basi, iyi ya pogona, iyi ya nsima ndi nsomba, iyi yobwererera kunyumba.

Pa bajeti imeneyi palibe mzere wa bwana. Bwanayo amadzilembapo yekha.

Pa pepala zinthu n'zokoma ndithu. Munthu wa pasipoti ya Zambia safunika viza kuti akacheze ku Mozambique kwa masiku ochepa. Mu 2005 mayiko a SADC anasainirana pangano lofewetsa mayendedwe a anthu, lomwe limakamba za kulowa m'dziko loyandikana nalo popanda viza mpaka masiku 90 pa chaka. Mu 2022 boma la Zambia linachotsa viza kwa alendo ochokera m'mayiko ambiri olemera, ndipo mu 2023 Mozambique inachita chimodzimodzi kwa mayiko pafupifupi 30. Nduna zinajambulitsa, m'manja munaombedwa, zikwangwani zokopa alendo zinasindikizidwa pa mapepala onyezimira.

Kodi uthenga umenewu unafika pa mgolo wa pa rodibuloko? Nduna yachotsa viza ku likulu, bwana wabwezeretsa yake pansi pa mlambe. Ya nduna inali ndi mtengo wodziwika ndiponso lisiti. Ya bwana imadalira nsapato zimene mlendo wavala, foni imene wanyamula, ndi mmene m'mimba mwa bwanayo muliri pa ola limenelo.

Kachitidwe kake n'kodziwika kwa aliyense amene anakwerapo galimoto yodutsa malire. Migolo iwiri yopakidwa mizere, thabwa la misomali, mpando wa pulasitiki pamthunzi. Galimoto yaima. Kondakitala amatsika atapinda kale kandalama m'kati mwa mapepala a galimoto, ndipo zake zimatha msanga. Kenako bwana amasuzumira pazenera. Maso ake amalumpha madengu a tomato, nkhuku zomangidwa miyendo ndi matumba a ufa, n'kukatera pa chikwama chakumsana.

“Achimwene a chikwama, tatsikani pang'ono.”

Pasipoti amaitsegula mosafulumira, tsamba ndi tsamba. Chidindo chilipo, masiku sanathe, chithunzi ndi cha mwini wake. Pamenepo pasipotiyo imalowa m'thumba la malaya a bwana, batani n'kumangidwa. Mlandu umachita kubadwa pambuyo pake. Chidindo sichikuoneka bwino. Khadi la katemera latha. Mankhwala a malungo ali m'chikwamamo alibe kalata ya dokotala. Kampeni kosendera mango ndi chida choopsa.

“Nanga titani, bwana? Basi ikundisiya.”

“Ndinu munthu wamkulu, mukudziwa kale. Dzuwali mukuliona. Ya madzi basi.”

Tsidya la Mozambique amapempha refresco, ndiye kuti ya chakumwa, ndipo ludzu lake silinathepo chiyambire.

Bwanayu safunika n'kukhudza mfuti ili paphewa pakeyo, chifukwa nthawi imamugwirira ntchito. Amadziwa kuti dalaivala sadikira munthu mmodzi. Amadziwa kuti m'madera ena a njirayi magalimoto onyamula anthu ndi apatalipatali, moti wotsalira wataya ndalama ya basi, wataya tsiku, mwinanso agona panja. Apaulendo anzake, thukuta lili kamukamu, ayamba kale kung'ung'udza kuti ampatse azipita. Motero munthu wosalakwa amagula pasipoti yake yomwe, imene analipira kale ku boma, anthu makumi awiri akuonerera.

Nkhani ya khadi lachikasu la katemera ikuonetsa bwino mtundu wa munthu amene waima pamsewuyu. Kuyambira mu Julayi 2016, malamulo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati katemera wa yellow fever wobayidwa kamodzi ndi wa moyo wonse, ndipo khadi lake silitha ntchito. Bwana wonena kuti latha, mwina sadziwa lamulo limene akuti akulondera, mwina akulidziwa bwino lomwe. Zonse ziwiri n'zochititsa manyazi, koma yachiwiriyo ili ndi dzina m'buku la milandu.

Izi si nthano za m'basi ayi. Kafukufuku wa Zambia Bribe Payers Index, amene Transparency International Zambia imachita mogwirizana ndi bungwe lothana ndi ziphuphu la ACC, wakhala akuika apolisi a pamsewu pakati pa nthambi zimene nzika imapemphedwa chiphuphu kawirikawiri. Kafukufuku wa Afrobarometer m'mayiko ambiri a mu Africa amapeza kuti anthu amawaona apolisi chimodzimodzi. Maboma a ku Ulaya, polangiza nzika zawo zopita ku Mozambique, amalemba poyera kuti zizinyamula ziphaso nthawi zonse ndipo zichenjere ndi ovala yunifolomu opempha ndalama. Mbiri ya bwanayu imafika ku London mlendo asanagule n'tikiti yomwe. Kutchuka kotereku ndani angakukane?

Ulendo ndi wautali, ndipo utali umenewu ndiwo chuma cha bwana. Kuchokera pa Cassacatiza kukafika mu mzinda wa Tete ndi makilomita pafupifupi 300 pa msewu wa N9, kudutsa m'mapiri ndi m'midzi ya anthu olankhula Chichewa chomwechi. Ku Tete, mzinda wotchuka ndi kutentha, mlendo amawoloka Zambezi pa ulalo wa Samora Machel, womalizidwa mu 1973. Mathiraki olemera anawamangira wawo, wa Kassuende, wotsegulidwa mu 2014. Mabasi opita kum'mwera amanyamuka kusanache. Msewu wa N7 umadzera ku Changara, Guro ndi Catandica kukalumikizana ndi N6 pafupi ndi Chimoio. Pa mphambano ya Inchope munthu amasankha: kum'mawa ndi ku Beira, kum'mwera ndi N1, kudzera ku Muxúnguè ndi pa ulalo wa mtsinje wa Save.

Amenewa ndi masiku awiri kapena atatu a pamsewu. Nanga pa mtunda wonsewu mlendo amaimitsidwa kangati? Palibe angalonjeze nambala, chifukwa rodibuloko ina imaoneka m'mawa, pofika madzulo yasamukira pena. Apa pang'ono, apo pang'ono. Pofika pa Save, ndalama ya masiku awiri a ku gombe yatsala m'matumba a malaya a anthu amene sanamuphikire, sanamunyamule ndipo sanamuyalire pogona.

Chimene mlendoyu akupitira n'choyeneradi ulendo. Gombe la Mozambique ndi lalitali makilomita oposa 2,400. Ku Vilankulo mabwato a matanga amanyamula anthu kupita ku zilumba za Bazaruto, zomwe zinakhala malo otetezedwa mu 1971, ndipo m'madzi ake mukadali nyama yosowa ya dugong. Kum'mwera kwake, pa Maxixe, munthu amakwera boti kuwolokera ku tauni yakale ya Inhambane. Makilomita 20 ndi pang'ono kuchokera apo ndi Tofo, kumene anthu amasambira pambali pa whale shark, nsomba yaikulu kuposa zonse padziko, yomwe siluma munthu. Kumpoto kuli Ilha de Moçambique, chilumba chimene chinapatsa dziko lonselo dzina, chomwe UNESCO inachilemba m'kaundula wake mu 1991.

Ndalama imene bwana walanda sinali pa ulendo wopita ku hotela ya nyenyezi zisanu. Inali ya amayi ophika matapa ndi mpunga wa kokonati pa barraca (kalesitilanti) ya m'mbali mwa mchenga. Inali ya mwini bwato, ya mnyamata woyendetsa pão (buledi) m'mawa, ya ogulitsa makapulana pamsika, ya mwini pensão (nyumba ya alendo) ya zipinda zinayi. Ofufuza za ntchito zokopa alendo, monga Mark Hampton amene anaphunzira za zilumba za Gili ku Indonesia, ndi Regina Scheyvens wa ku New Zealand, anasonyeza kalekale kuti woyenda motchipa amawononga zochepa pa tsiku koma amakhalitsa, ndipo gawo lalikulu la ndalama yake limatsala m'manja mwa eni dera.

Wolemera zake n'zina. Amalipira zonse ali kwawo, amatera pa bwalo la ndege la Vilankulo, boti la injini kapena helikopita n'kukamutula pa chilumba. Bwana wa pa mgolo samuona n'komwe. Choncho msonkho wopanda lisitiwu umagwera mlendo yekhayo amene amadyetsa mudzi. Ndondomeko yokopa alendo yanzeru chotere inaonekapo kuti?

Mlolo nayenso akuluza, ngakhale palibe amene amawerengera. Mlendo wochokera ku South Luangwa wofuna gombe la Mozambique akanatha kudzera pa Katete, kugona usiku umodzi pafupi ndi malire, kudya nsima ya nkhuku yachikuda, kugula mtedza ndi chimanga chootcha, kulipira wa njinga yamoto. Ambiri sadzera njira imeneyi. Yotchuka ndi ya Mwami, Lilongwe ndi Nyanja ya Malawi, kumene Senga Bay, Cape Maclear ndi Nkhata Bay zimawadikira. Kuchepa kwa mabasi pa T6 ndi N9 ndi chifukwa chimodzi. Koma oyenda ndi zikwama amauzana chilichonse, m'nyumba zogona, pa WhatsApp ndi pa Facebook: pogona pabwino, basi yodalirika, ndi msewu umene pasipoti imagwidwa ukapolo. Bwana amene walanda kandalama masana ano wabweza alendo ambiri amene sadzawaona nkhope.

Gombe limeneli lili kale ndi mavuto okwanira. Mu 2013, 2014 ndi 2016 magalimoto ankadutsa pakati pa Muxúnguè ndi Save moperekezedwa ndi asilikali chifukwa cha mkangano wa boma ndi chipani cha Renamo. Kuyambira mu 2017 zigawenga zasokoneza chigawo cha Cabo Delgado. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anasakaza Beira, ndipo mu Febuluwale 2023 Freddy anatera pafupi ndi Vilankulo. Kumapeto kwa 2024 zionetsero za pambuyo pa chisankho zinatseka misewu ndi kubalalitsa alendo pa nyengo ya Khirisimasi, nthawi imene eni malo ogona amadalira. Namondwe alibe mkulu womulamula. Rodibuloko ili naye, ndipo ali ndi ofesi, dzina ndi malipiro a pamwezi.

Mzungu akalandidwa ndalama amakadandaula pa intaneti, nthawi zina ku ofesi ya kazembe wa dziko lake. Wa ku Mlolo amalandidwa ndalama ndi ulemu womwe. Mzungu wa kabudula wong'ambika ndi nkhwaira kuphazi safunsidwa chimene akupitira ku nyanja. Aliyense amadziwa kuti akukasangalala. Mchewa wovala bwino, wa pasipoti yatsopano, amafunsidwa kawiri katatu.

“Ku Vilankulo mukukatani?”

“Kukaona nyanja, bwana.”

“Kukaona nyanja basi? Nenani zoona. Mwanyamula chiyani?”

M'mutu mwa bwanayu munthu wakuda amayenda pa zifukwa zitatu zokha: maliro, geni ndi umbava. Kuyenda kongofuna kuona dziko ndi matenda a azungu. Ndiye chikwama chimakhuthulidwa pa fumbi, zovala zam'kati poyera, kufunafuna mlandu umene kulibe.

Mbiri ya dera lino ikumutsutsa. Malire a pa Chanida anabadwa ndi pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891, koma njira ya ku nyanja ndi yakale kuposa pamenepo. Amaravi ankatumiza minyanga ya njovu ndi makasu a chitsulo ku misika ya Tete ndi Sena mpaka ku gombe, ndipo m'zaka za m'ma 1600 mphamvu za Kalonga Muzura zinkamveka mpaka kufupi ndi Ilha de Moçambique. Apwitikizi Francisco de Lacerda mu 1798, ndiponso Monteiro ndi Gamitto mu 1831, ponyamuka ku Tete kupita kwa Mfumu Kazembe anadutsa m'dziko la Achewa potsata njira zimene eni dziko anaponda kale. Likulu lakale la Mfumu Undi ya Achewa linali ku Mano, mbali ya Mozambique. Mpaka lero, kumapeto kwa Ogasiti, mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba kukagwadira Kalonga Gawa Undi. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique itavuta, midzi ya m'malire mwa Chadiza inalandira othawa kwawo, inalawanso zipolopolo za nkhondo imene sinali yake, ndipo ambiri mwa othawawo anakasungidwa ku msasa wa Ukwimi.

Anthu amenewa ndi amodzi, akwatirana, aikirana maliro. Ndiye mlendo weniweni pa msewu umenewu ndani: mdzukulu wa onyamula minyanga, kapena mgolo wopakidwa mizere?

Oikira kumbuyo bwanayu amathamangira ku chitetezo. Amati njira zimenezi zimadutsa ozembetsa anthu, ozembetsa chimanga, mitengo, miyala ya mtengo wapatali ndi mankhwala ozunguza bongo, choncho ma rodibuloko ndi ofunika. Zoopsazo zilipodi. Mu Malichi 2020 anthu 64 ochokera ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya thiraki m'chigawo cha Tete. Mu Disembala 2022 mitembo 27 ya anthu oganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia inapezeka itatayidwa ku Ngwerere, pakhomo penipeni pa Lusaka.

Koma mfundo imeneyi ikumanga bwanayo m'malo momumasula. Anthu amenewo anachokera kutali, kumpoto chakum'mawa kwa Africa kuno. Anadutsa migolo ingati asanafike pamene anafera? Wapolisi amene amatsegula njira ndi ndalama ya botolo la madzi kwa mphunzitsi, angaitseke bwanji kwa wozembetsa anthu wobwera ndi mpukutu wa madola? Chipata chimene chili ndi mtengo chimatsekera osauka okha. Ndipo mphindi makumi atatu zimene bwana watha akununkhiza mankhwala a malungo a wophunzira, mathiraki angati adutsa kumbuyo kwake osatsegulidwa? Palibe akunena kuti misewu isalonderedwe. Chikufunika n'chakuti mlonda azilondera.

Ena amabwera ndi chifundo. Amati malipiro a wapolisi ndi ochepa, amachedwa, nyumba n'zodontha, ana ali pa sukulu. N'zoona, ndipo boma limene limaimika munthu padzuwa la ku Tete tsiku lonse osampatsa ngakhale madzi akumwa liyenera kuyankhapo. Koma amene akulandidwayo amalandira zingati? Mlimi wa ku Mlolo amagwira ndalama kamodzi pa chaka. Mphunzitsi amalandira kuchokera m'thumba la boma lomwelo, ndipo nyumba yakenso imadontha. Kodi iye aziimitsa ana pakhomo la kalasi n'kuwalanda makope mpaka atapereka ya madzi? Namwino azibisa jekeseni m'thumba n'kumanga batani? Wodandaula malipiro adandaulire amene anamulemba ntchito. Alipo apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka amene amalandira malipiro omwewo, amadinda pasipoti, amalozera mlendo pokwerera basi n'kumufunira ulendo wabwino. Amenewa ndi umboni wokwanira kuti njala sindiyo imamanga batani lija.

Palinso kachinyengo kena kotchuka m'maofesi: wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa. Lamulo la Zambia lothana ndi ziphuphu la mu 2012 limaterodi. Koma munthu amene wagula chilolezo chodutsitsa katundu woletsedwa ndi wosiyana ndi munthu amene akuwombola pasipoti yake basi ikulira injini. Woyambayo ndi mnzake wa bwana pa geni. Wachiwiriyo waberedwa masana, ndipo kumuopseza ndi lamulo lomwelo n'kumuuza kuti atseke pakamwa.

Bwana wa pa mgolo sanadziike yekha pamenepo. Pali amene amalemba ndandanda ya ntchito, amene amasankha woima pa msewu wa mathiraki ndi wokalondera ofesi yopanda anthu. N'chifukwa chiyani malo ena amalimbiranidwa chotere, pomwe dzuwa lake ndi loopsa ndipo fumbi ndi losaneneka? Mkulu amene amadutsa pa rodibuloko yomweyo m'galimoto ya boma, n'kulandira sailuti, n'kunena kuti sakudziwa chimene chimachitika iye akangokhota, ayenera kusankha chimodzi: kusadziwa ntchito kapena kudya nawo.

Zofunika kuchita si zodula. Aliyense woimitsa anthu pamsewu avale dzina ndi nambala pachifuwa, zooneka bwino. Pa zipata za malire pakhale chikwangwani chachikulu cha ndalama zonse zovomerezeka, m'Chichewa, m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi, chonenanso poyera kuti chimene sichinalembedwe apo sichilipiridwa. Chindapusa chilichonse chikhale ndi lisiti ya boma. Pasipoti ionedwe mwini wake ali pompo n'kubwezedwa m'manja mwake. Kuiika m'thumba la malaya kukhale mlandu pa kokha. Malo a rodibuloko alengezedwe, kuti yongomera pansi pa mtengo idziwike kuti ndi ya munthu osati ya boma. Nambala ya foni yodandaulirako ikhale yoyankhidwa ndi munthu wamoyo, ngakhale Loweruka madzulo.

Maboma akafuna amatha. Mu Disembala 2022 apulezidenti Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegula chipata cha Mwami ndi Mchinji chomwe wapaulendo amaima kamodzi kokha m'malo mwa kawiri. Chimene chinatheka pa njira ya ku Lilongwe chingakanike bwanji pa njira ya ku Beira? Mafumu nawonso ali ndi bwalo. Mu 2007 apulezidenti a mayiko onse atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi pa Kulamba. Bwalo limene limatha kuitana atsogoleri otere lingathenso kufunsa chifukwa chimene mwana wa Mfumu Mlolo amalipirira msonkho wachinsinsi popita kwa abale ake ndi ku nyanja ya makolo ake.

Padakali pano woyenda ndi chikwama amauzidwa kuti adziteteze yekha: anyamule makope a pasipoti, asapse mtima, apemphe lisiti, anene kuti ndi wokonzeka kupita ku polisi siteshoni, aloweze nambala ya bwanayo ngati yaoneka. Malangizowa amathandiza nthawi zambiri, chifukwa wakuba sakonda cholembera. Koma amafuna munthu wokonzeka kusiyidwa ndi basi pakati pa tchire, ndipo si chilungamo kusenzetsa mlendo ntchito imene ena amalandirira malipiro.

Zambia ili ndi ACC, yomwe ili ndi ofesi ku Chipata. Mozambique ili ndi bungwe lake lothana ndi ziphuphu la Gabinete Central de Combate à Corrupção. Mabungwe awiriwa safunika msonkhano wa ku hotela kuti adziwe zimene zikuchitika. Atume wofufuza mmodzi aliyense, ovala wamba, zikwama kumsana, akwere minibasi pa Katete, awoloke pa Chanida, asinthire chapa mpaka ku Vilankulo, n'kubwerera njira yomweyo. Ndalama ya ulendo wonsewo siingafike pa alawansi ya semina imodzi, ndipo mayina amene angabwere nawo angatangwanitse makhoti a Chipata, Tete ndi Inhambane kwa nthawi ndithu.